Timizere tiwiri topendekera: momwe mayi wina anatsekeredwera kunja kwa mafayilo a ku ofesi kwawo

Lipoti ili ndi la mayi wina amene ndinawathandiza kwa masabata 3. Dzina lawo ndi la ofesi yawo sinditchula. Ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu osaona kugwiritsa ntchito kompyuta ndi makina a braille, ndipo ndaona kuti nkhaniyi ndiilembe yonse chifukwa kanthu komwe kanawatchinga n'kakang'ono kwambiri, koma kanatsala pang'ono kuwachotsera ulemu pa ntchito yomwe amaidziwa bwino.

Mayiwa anasiya kuona ali aang'ono. Braille anaiphunzira ku pulayimale, poyamba ndi sileti ndi kachitsulo kobowolera pepala, kenako pa makina otaipira braille a Perkins. Amawerenga ndi manja onse awiri: lamanja likamamaliza mzere, lamanzere limakhala litapeza kale poyambira wotsatira. Braille ya Chingerezi yatsopano, ija imatchedwa UEB, anaiphunzira okha atakula. Ku ofesi amalemba makalata ndi malipoti a pamwezi. Ali ndi laputopu ya Windows yokhala ndi NVDA, pulogalamu yowerenga zomwe zili pa sikirini. Ku laputopuyo amalumikiza kamakina ka braille ka maselo 40 (selo ndi malo a chilembo chimodzi cha braille), komwe timadontho timatuluka ndi kulowa pansi pa zala, kokhalanso ndi mabatani 8 olembera. Palinso kamakina kena kolembera notsi, koyendera Android, komwe amapita nako ku misonkhano. Makalata amawataipa pa kiyibodi wamba ya laputopu, mabatani a braille aja amawakhudza mwa apo ndi apo. Kameneka musakaiwale, katithandiza kutsogoloku.

Ofesi itasamutsira mafayilo onse pa seva, kompyuta yosungira mafayilo a anthu onse, mnyamata woyang'anira makompyuta anawaimbira foni n'kuwauza adiresi yoti alembe m'kabokosi ka pulogalamu yotumizira malipoti. Anati: "Slash slash seva, slash malipoti, slash chaka." Anzawo onse analowa tsiku lomwelo, poti iwo anangokopera zomwe zinalembedwa pa bolodi. Mayiwa anayesa Lolemba, anayesa Lachiwiri, sabata n'kutha. Lipoti la mwezi linachedwa, ndipo abwana anayamba kumveka akunena kuti mwina ntchitoyi yayamba kuwakulira. Apa m'pomwe anandiimbira.

"Aphunzitsi, zala zikundiuza kuti ndalemba bwino, koma kompyuta ikukana. Kodi ndayamba kuiwala braille?"

Ndinawayankha pa foni pomwepo kuti Windows imafuna slash yopendekera kumanzere, osati kumanja. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Kumanzere kuyambira kuti, kumutu kapena kumiyendo?" Ndinalakwitsa pamenepo. Ndinawapatsa yankho la munthu woona, la chinthu chomwe palibe anali atawagwiritsapo m'manja.

Komwe timizere tiwiriti tinachokera

Slash ndi kamzere aka /, mutu wake unaweramira kumanja. Backslash ndi aka \, mutu unaweramira kumanzere. Unix, pulogalamu yoyendetsa makompyuta yomwe inayamba kupangidwa ku Bell Labs mu 1969, inasankha slash kuti izilekanitsa foda ndi foda inzake, ndipo Linux, Android, macOS ndi maadiresi onse a pa intaneti anatsata mwambo womwewo. A Microsoft atabweretsa mafoda mu MS-DOS 2.0 mu 1983, anapeza slash ili kale ndi ntchito ina. Inkaikidwa patsogolo pa kachilembo kosinthira lamulo, monga dir /w. Choncho anatenga backslash, chizindikiro chomwe Bob Bemer anachilowetsa mu ASCII, mndandanda wa zilembo ndi zizindikiro za kompyuta, mu 1961, ndipo Windows inangolandira cholowa chimenechi. Adiresi ya foda ya pa seva imayamba ndi ma backslash awiri. Zomwe mnyamata uja ankatanthauza zinali \\seva\malipoti\chaka, koma pakamwa pake panatuluka dzina la kamzere kenako.

Chosokoneza n'chakuti Windows nthawi zina imakhululuka. Mukalemba C:/Users mu File Explorer, pulogalamu yotsegulira mafoda, foda imatseguka bwinobwino. Mapulogalamu ena sakhululuka, ndipo ya ku ofesi kwa mayiwa inali m'gulu limenelo. Munthu amazolowera kuti slash imagwira, kenako tsiku lina osagwira, popanda womuuza chifukwa.

Zomwe ndinapeza nditafika

Ndinapita ku ofesiko Lachinayi masana. Ndinayamba ndi kuwapempha dzanja, n'kujambula timizere tiwiriti m'chikhatho mwawo ndi chala, kangapo, mpaka anayamba kutchula okha kuti iyi ndi slash, iyi ndi backslash. Kenako ndinawafunsa chifukwa chomwe sanangodinira backslash pa kiyibodi ya laputopu. Anati anayesa. Mnzawo anawauza kuti ili pamwamba pa Enter, koma atadina panatuluka #. Nditayang'ana ndinapeza kuti mabatani a laputopuyo ndi a ku America, pomwe Windows inauzidwa kuti kiyibodi ndi ya ku Britain. Pa kiyibodi ya ku Britain backslash ili ndi batani lake pakati pa Shift ya kumanzere ndi Z, batani lomwe pa laputopu yawo kulibe. Malaputopu a kaunjika omwe timagula kunoku amabwera otere kawirikawiri. Kiyibodi itawakana, anatembenukira ku mabatani a braille, komwe ankadzidalira kwambiri, ndipo n'komwe kunali msampha waukulu.

Selo la braille lomwe Louis Braille anasindikiza mu 1829 lili ndi timadontho 6: 1, 2, 3 kutsika kumanzere, 4, 5, 6 kutsika kumanja. Timadontho 6 timabereka zizindikiro 63 zokha, pomwe ASCII ili ndi zizindikiro zolembeka 95. Sizikwanira. Pali njira ziwiri zothetsera kupereweraku. UEB, yomwe bungwe la International Council on English Braille linavomereza mu 2004 ndipo America inasamukirako pa 4 January 2016, imagwiritsa maselo awiri pa zizindikiro zambiri. Slash ndi 4-5-6 kenako 3-4. Backslash ndi 4-5-6 kenako 1-6. Mayiwa atamva timizere tija m'chikhatho anazindikira okha kuti 3-4 imachoka pansi kumanzere kukwera kumanja, 1-6 imachoka pamwamba kumanzere kutsikira kumanja. "Ndiye anangojambula chithunzi chake ndi timadontho," anatero, ndipo n'zoonadi. Njira inayo ndi braille ya kompyuta ya timadontho 8, yomwe imawonjezera 7 pansi pa 3 ndi 8 pansi pa 6 kuti chizindikiro chilichonse chikhale ndi selo limodzi lokha. M'tebulo la ku America la braille imeneyi, lomwe ndi mndandanda wosonyeza timadontho ta chizindikiro chilichonse, slash ndi 3-4 basi, backslash ndi 1-2-5-6-7.

Ndinatsegula Notepad n'kuwapempha kuti alembe adiresi ija ndi mabatani a braille, monga momwe ankachitira masiku onsewa. Analemba mosakayika, zala zitatu za kumanja pamodzi, kenako mkombaphala wa kumanzere ndi chala chachitatu cha kumanja. Anayendetsa zala pa maselo, nati, "Ndi imeneyo." Pa sikirini panali _*_*seva_*malipoti_*chaka.

NVDA imasunga matebulo awiri osiyana, lina lowerengera, lina lolembera, ndipo kumasulira kwake imadalira pulogalamu yotchedwa liblouis. Tebulo lowerengera la mayiwa linali UEB yofupikitsa mawu. Lolembera linali braille ya kompyuta ya timadontho 8, lomwe anasiya choncho munthu amene anawakonzera laputopu poyamba. M'tebulo limenelo 4-5-6 ndi kamzere kapansi, _, ndipo 1-6 ndi kanyenyezi, *. Zilembo a mpaka z n'zofanana m'matebulo onse awiri, n'chifukwa chake pa timawu tochepa tomwe ankalemba ndi mabataniwa sanaonepo chachilendo.

Koma panatsala funso lomwe linandivutitsa mphindi zingapo. Ngati tebulo lowerengera ndi UEB, maselo anayenera kuwaonetsa kamzere kapansi ndi kanyenyezi mwa UEB, ndipo akanadziwa kalekale kuti china chalakwika. Nanga zala zinkawanamiza bwanji? Yankho linali m'kabokosi kena ka zosankha za braille mu NVDA, kakuti liwu lomwe pali cursor (kachizindikiro kosonyeza pomwe mukulemba) lizionetsedwa m'braille ya kompyuta. Kanali kochongedwa. Adiresi ya foda ilibe mpata pakati, choncho kwa NVDA yonseyo ndi liwu limodzi, ndipo nthawi yonse yomwe ankalemba cursor inali pomwepo. Maselo ankawabwezera timadontho tomwe adina, 4-5-6 ndi 1-6. Makina ankatanthauza _ ndi *, iwo ankawerenga backslash ya UEB. Timadontho tomweto, matanthauzo awiri.

Ndinawauza kuti asachotse dzanja lamanzere pa maselo oyamba, adine space ndi lamanja n'kulemba liwu lililonse. Cursor itangochoka pa adiresi, timadontho tinagwedezeka pansi pa zala zawo. Pomwe panali maselo awiri panabwera anayi: 4-6, 3-6, kenako 5, 3-5.

"Iii, zasintha zokha! Ameneyu ndi asterisk uyu. Ndiye masiku onsewa ndimalemba zimenezi?"

Anabwereza katatu, kubwerera pa adiresi n'kuchokapo, kumvetsera timadontho tikusinthasintha. Kenako anapumira m'mwamba n'kuika manja pa miyendo. Sanaiwale braille. Analemba UEB yolondola kwa makina omwe ankamvetsera chinenero china.

Panalinso uphungu wina womwe analandira m'kati mwa sabata ija. Mnzawo wina wosaona, wamkulu kwa iwo, anawauza pa foni kuti backslash ndi 1-2-5-6. Sananame. Umu ndi momwe inalili mu Computer Braille Code ya timadontho 6, yomwe inatuluka ku America mu 1987 ndipo anthu ambiri anakulira pa iyo UEB isanafike. Koma m'tebulo la timadontho 8, 1-2-5-6 yopanda 7 imatulutsa kamzere koima chilili, |. Kadontho 7 kamadinidwa ndi chala chaching'ono cha kumanzere, ndipo kakadinidwa kokha kamafufuta chilembo, n'chifukwa chake anthu ambiri amachita mantha kukaphatikiza ndi tinzake. Tinayeseza maulendo oposa 20 kuti zala zisanu zizitsika pamodzi, chifukwa chaching'onocho chikachedwa pang'ono, chimafufuta chomwe zinzake zangolemba.

Za fayilo ya BRF

Nkhani iyi ndinaimva pambuyo pake, ndipo inandipweteka kuposa zonse. Mayiwa anali atalemba adiresi ija m'kamakina ka notsi mwa UEB, n'kuisunga ngati fayilo ya BRF. Mnyamata wa makompyuta, pofuna kuthandiza, anaitsegula mu Notepad. BRF si fayilo ya malemba wamba. Chilembo chilichonse mmenemo chimangoimira selo limodzi la braille, ndipo selo la 4-5-6 limaoneka ngati _, la 1-6 ngati *, la 3-4 ngati /, la 1-2-5-6 ngati \. Iye ataona _* anati mayi mwalakwitsa, anafufuta n'kuikamo ma backslash enieni. Fayiloyo itabwerera m'kamakina, mayiwa anapeza maselo a 1-2-5-6, omwe mu UEB ndi chidule cha zilembo ou. Adiresi yawo yolondola inasanduka ouousevaoumalipotiouchaka.

Onani mmene zilili: _* mu fayilo ya BRF ndi backslash yolondola, _* yomweyo m'kabokosi ka Windows ndi zinyalala. Mnyamatayu sindimuimba mlandu, palibe anamuphunzitsapo zimenezi. Koma kuyambira tsiku limenelo mayiwa anayamba kudzikayikira, poti munthu woona anawauza kuti zomwe analemba bwino n'zolakwika.

Pali kenanso kamene kamatikhudza ife olemba Chichewa. Mu UEB yofupikitsa, 1-6 ikakhala m'liwu ndi chidule cha ch, ndipo mayina athu a mafoda adzaza ndi ch: chaka, chuma, chipatala, chikalata. Pa makina a mayiwa \chaka inkatuluka 4-5-6, 1-6, 1-6, kenako a, k, a. Maselo awiri ofanana motsatizana, loyamba theka la backslash, lachiwiri ch. Munthu wothamanga kuwerenga akhoza kumva ngati pali ma backslash awiri ndi foda yotchedwa aka. Mu liblouis muli tebulo la braille ya Chichewa, ndipo NVDA ili nalo pa mndandanda wake, koma mayiwa makalata awo ambiri ndi a Chingerezi, choncho amakhalira pa UEB.

Zomwe tinachita

Kiyibodi tinaibwezera ku ya America, batani la pamwamba pa Enter n'kuyamba kutulutsa backslash. Izi zinatenga mphindi 2.

Pa matebulo tinakambirana nthawi yaitali. Chosavuta chinali kuika UEB mbali zonse ziwiri, kulemba ndi kuwerenga, n'kuzimitsa kabokosi kaja. Maganizo anga ndi akuti pa maadiresi a mafoda, a imelo ndi mapasiwedi, braille ya timadontho 8 ndi yodalirika kuposa UEB, chifukwa selo limodzi ndi chizindikiro chimodzi ndipo palibe chofupikitsidwa. Koma kuwerenga kalata ya masamba 5 m'braille imeneyo n'kotopetsa, maselo 40 amadzaza msanga. Mayiwa anafuna zonse ziwiri, ndipo NVDA imalola. Ili ndi ma profile, magulu a zosankha omwe amadzuka okha malinga ndi pulogalamu yomwe mwatsegula. Tinakonza kuti mu File Explorer ndi mu pulogalamu ya malipoti matebulo onse awiri akhale a timadontho 8, mu Word onse awiri akhale UEB. Lamulo lomwe tinagwirizana ndi lakuti lolembera ndi lowerengera asasiyanenso pa malo amodzi.

Kusamukaku kuli ndi mtengo wake, ndipo ndinawachenjeza. M'braille ya kompyuta manambala amatsikira m'munsi mwa selo, opanda chizindikiro chowatsogolera. Timadontho 2-5, tomwe mu UEB ndi colon, kumeneko ndi 3. Timadontho 2-5-6, tomwe ndi fulusitopu, kumeneko ndi 4. Colon yake ndi 1-5-6, fulusitopu ndi 4-6. Woiwala izi akafuna kulemba C: amalemba C3, akafuna lipoti.docx amalemba lipoti4docx. Anakhala pa Perkins n'kudzilembera kakhadi ka zizindikiro zimenezi. Poti Perkins ilibe kadontho 7, backslash anailemba m'manambala, n'kumata kakhadiko pambali pa laputopu ndi selotepi.

Pomaliza ndinawaikira shortcut ya fodayo pa desktop, n'kuwaonetsa kuti mu Windows 11 kudina Ctrl, Shift ndi C pa fayilo kumakopera adiresi yake yonse. Mwadala ndinasiya zimenezi kumapeto. Ndikanayamba nazo Lachinayi lija, foda ikanatseguka m'mphindi imodzi, koma funso lawo lakuti kodi ndaiwala braille likanatsala losayankhidwa, ndipo seva ikadzasinthanso akanabwerera pomwe anali.

Sabata yachitatu

Anandiimbiranso kawiri. Koyamba Windows inakana dzina la fayilo lakuti lipoti 12/03. Imakana zizindikiro 9 m'dzina la fayilo: \ / : * ? " < > |. Analemba 12-03, zinatheka.

Kachiwiri kanali kovutirapo. A ku ofesi anawapatsa mapepala a msonkhano atawamanga mu fayilo ya zip kuti akawerengere m'kamakina ka Android. Atamasula, mafoda sanaoneke. Mafayilo onse anatuluka mulu umodzi, dzina la foda litamatirira ku dzina la fayilo, mayina ataliatali osakwana pa mzere umodzi wa maselo. Malamulo a zip amanena kuti m'kati mwake mafoda azilekanitsidwa ndi slash, ngakhale zipyo yapangidwira pa Windows. Mapulogalamu ena akale samvera, amaikamo backslash, ndipo Android siiona backslash ngati polekanitsira mafoda. Adiresi zake zimayenda motere: /storage/emulated/0/Download. Chomwe chinandisangalatsa n'chakuti sindinafotokoze ndine. Anandiwerengera dzina limodzi pa foni selo ndi selo, kenako anati, "Aphunzitsi, apa pakati pa msonkhano ndi ajenda panayenera kukhala 3-4. Amene anamanga zip ameneyu waika ya Windows." Ine ndinangovomereza.

Pulogalamu yomangira zip ya ku ofesiko sinasinthidwe mpaka pano, choncho tinagwirizana kuti mafoda azikopedwa osamangidwa pa kakhadi ka SD. Mnyamata uja ndinakhala naye theka la ola. Ndinamuonetsa fayilo ya BRF pa sikirini ndi pa maselo nthawi imodzi, ndinamupempha kuti asadzakonzenso fayilo yotere mu Notepad, ndiponso kuti maadiresi azitumiza pa imelo, ndipo akafuna kutchula pakamwa azitchula backslash ndi dzina lake lonse. Anamvetsa msanga, ndipo anapita yekha kukapepesa kwa mayiwa.

Lipoti la mwezi wotsatira linalowa pa seva tsiku lake lisanakwane. Adiresi anailemba okha ndi mabatani a braille osadutsira pa shortcut, chala chaching'ono cha kumanzere chikutsika limodzi ndi zinzake. Kakhadi kaja anakachotsa pa laputopu n'kukatumiza kwa mnzawo amene anawauza za 1-2-5-6, atawonjezerapo mzere wonena za kadontho 7.